WERENGANI PAKETI MUSANAGULE MBEU

Inu amene mwatsiriza maphunziro a Sukulu ya Kwacha, ambiri a inu muli ndi madimba. Ena mulima tomato, ena kabichi, ena anyezi, mpiru ndi repu. Kale munali kulima zongodya pakhomo. Lero mufuna kugulitsa kuti mupeze ndalama za fizi, za feteleza ndi za malata. Zimenezi nzabwino ndithu. Koma ulimi wa malonda uli ndi mwambo wake, ndipo mwambowo uyambira pa tsiku logula mbeu.

Mbeu ya tomato yokwanira dimba lonse ikwana m'dzanja limodzi. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ndalama za feteleza, mankhwala ndi aganyu. Koma mbeuyo ikakhala yoipa, ndalama zonse zija zalowa m'madzi, pamodzi ndi thukuta la miyezi inayi.

Chaka china bambo wina wa m'kalasi lathu anagula mbeu ya tomato pa msika. Inali yokulunga m'kapepala, yopanda dzina. Wogulitsa anati, "Iyi ndi haibridi yeniyeni, ndakuchotserani mtengo." Bamboyo anafesa, koma theka la njere silinamere. Zimene zinamera anawokera, nathirira, napopera mankhwala. Pobereka, tomato wina anali wozungulira, wina wamtali, wina wofewa ngati nthochi yakupsa. Opikula anangoyang'ana nkupitirira. Atabwerera ku msika kuja, wogulitsa sanampeze. Lisiti analibe, ngakhale dzina la mbeuyo sanalidziwe.

Inu tsopano mudziwa kuwerenga ndi kuwerengera. Tiyeni tione m'mene nzeru zimenezi zingakuthandizireni pogula mbeu.

YAMBANI MWAFUNSA MSIKA

Musanapite ku sitolo, dzifunseni kuti, "Kodi ndidzagulitsa kwa yani?" Tomato wa ku Lizulu, ku Tsangano, ku Bembeke kapena ku Jenda amayenda mtunda wautali pa galimoto kuti akafike m'tauni. Opikula afuna tomato wolimba, wosaphwanyika m'dengu, wokhala masiku angapo asanaole. Nchifukwa chake mitundu monga Tanya, Tengeru 97 ndi Roma VF ikondedwa pa malonda. Tanya ndi Tengeru 97 anatulutsidwa ku Tanzania m'chaka cha 1997. Dzina loti Tengeru ndi la malo a kafukufuku amene ali pafupi ndi mzinda wa Arusha.

Kabichi nayenso ali ndi mitundu. Copenhagen Market acha msanga, ndipo mutu wake ndi wozungulira, wocheperapo. Drumhead achedwa, koma mutu wake ndi waukulu, wophwatalala. Mayi wogulira banja lake afuna mutu waung'ono. Sukulu yogonera kapena chipatala chifuna mitu ikuluikulu.

Pa anyezi chenjerani kwambiri. Anyezi amaika mutu potsata kutalika kwa usana. Kuno kwathu usana utalika maola 11 mpaka 13 basi. Mitundu ina ya ku Ulaya ifuna usana wa maola 14 kapena kuposa. Mukaidzala kuno ingochita masamba, mutu osaoneka. Mitundu yoyenera kuno ndi monga Red Creole ndi Texas Grano. Red Creole ndi wofiira, wowawa, ndipo asungika nthawi yaitali. Texas Grano ndi wamkulu koma sachedwa kuola. Ngati mufuna kusunga anyezi kudikira mtengo wabwino, mwadziwa kale woti musankhe.

MBEU YA F1 NDI MBEU WAMBA

M'sitolo mudzapeza mbeu za mitundu iwiri. Ina ili ndi chizindikiro cha F1 kutsogolo kwa dzina lake. Imeneyi ndi haibridi, monga chimanga cha haibridi chimene muchidziwa kale. Akatswiri amakwatitsa mitundu iwiri yosankhidwa, ndipo mwana woyamba ndiye F1. Mbeu yotere imakula mofanana, icha nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri ipirira matenda angapo. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo nthawi zambiri igulitsidwa powerenga njere, monga njere 1,000 pa paketi.

Koma musasunge njere zochokera m'zipatso za F1. Zidzamera inde, koma ana ake sadzafanana. Kupiriranso kumabalalika. Nthawi zambiri mbande imodzi mwa zinayi zilizonse imataya mphamvu ija yopirira nthenda. Zikuoneka kuti izi ndizo zinagwera bambo uja: anamgulitsa njere zofinya m'tomato wa haibridi.

Mbeu wamba ndi imene ilibe F1, monga Tengeru 97, Tanya, Roma VF, Moneymaker ndi Red Creole. Mtengo wake ndi wotsika, ndipo igulitsidwa pa magalamu. Ana ake afanana ndi make, malinga isasakanizike ndi mtundu wina.

Nanga yabwino ndi iti? Yankho lili m'thumba mwanu ndi m'dimba mwanu. Haibridi ibweza ndalama zake kwa mlimi amene ali ndi madzi okwanira, feteleza wokwanira ndi msika wodalirika. Ngati zimenezi nzoperewera, yambani ndi mbeu wamba yabwino. Mungathenso kuyesa mizere iwiri ya haibridi pambali, kuti muone nokha.

ZOLEMBEDWA PA PAKETI

Akulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Chithunzi cha tomato wofiira pa paketi chisakunyengeni. Tembenuzani paketiyo, muwerenge kuseri. Mau ambiri ali m'Chingerezi, koma ndi ochepa ndipo mungawaloweze.

1. Dzina la mtundu ndi dzina la kampani. Paketi yongolembedwa kuti tomato, popanda dzina la mtundu, isiyeni.

2. Lot No. Iyi ndi nambala ya gulu la mbeu zimene zinakonzedwa pamodzi. Ili ngati nambala ya chiphaso. Mukadzadandaula, adzayamba kukufunsani nambala imeneyi.

3. Germination. Awa ndi mau onena za kamere. Pakalembedwa 85%, ndiye kuti poyesa njere 100 zinamera 85.

4. Purity. Awa anena za kuyera kwa mbeu. Pakalembedwa 98% kapena 99%, ndiye kuti zinyalala ndi njere zachilendo nzochepa kwambiri.

5. Date tested, Packed kapena Expiry. Awa ndi masiku: tsiku loyesa, tsiku lolongedza, ndi tsiku limene mbeu ithera mphamvu. Njere ndi chamoyo, zimakalamba. Za anyezi ndizo zifulumira, pakatha chaka chimodzi kamere ayamba kutsika. Za tomato ndi kabichi zikhala zaka zingapo ngati zasungidwa pouma ndi pozizira.

6. Treated kapena Poison. Mbeu yotere inapakidwa mankhwala, nchifukwa chake ioneka yofiira, yobiriwira kapena yabuluu. Mankhwalawo ateteza mbande ku matenda oola pa tsinde m'nazale. Koma ndi poizoni. Ikani kutali ndi ana ndi nkhuku, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukatha kufesa.

Yang'ananinso paketi yeniyeniyo. Ngati yafwifwa ndi dzuwa, yanyowapo, yabooka kapena yamatidwanso ndi guluu, musagule. Sitolo imene iyanika mbeu pa windo padzuwa ikupha katundu wake womwe.

MALEMBO A MATENDA

Pambuyo pa dzina la mbeu mudzaona malembo ena. Malembowa akuuzani matenda amene mbeuyo ipirira. Pa dzina loti Roma VF, V ndi F ndi matenda awiri ofotetsa a m'nthaka, otchedwa Verticillium ndi Fusarium. Musasokoneze F ameneyu ndi F1 wa haibridi. Ndi zinthu ziwiri zosiyana.

N aimira tinyongolotsi ta m'mizu. Makampani ena m'malo mwa N alemba Ma, Mi kapena Mj. T kapena ToMV ndi nthenda ya mawangamawanga pa masamba. TYLCV ndi nthenda yopinda masamba. Rs ndi kufota kwa mwadzidzidzi. Pa kabichi, Xcc ndi nthenda yodetsa mitsempha ya masamba.

Palinso HR ndi IR. HR atanthauza kuti mbeuyo ipirira kwambiri. IR atanthauza kuti ipirira mwapakatikati: nthenda idzaoneka, koma siidzaononga ngati m'mene ikanachitira pa mbeu yosapirira.

Tsono mvetsetsani apa. Kupirira sikutanthauza kuti mbeu siingadwale. Munthu wamphamvu nayenso amagona ndi malungo udzudzu ukachuluka. Mbeu ipirira matenda okhawo amene alembedwa, osati onse ayi. Nthenda imodzi ingathe kukhala ndi mafuko angapo, ndipo mbeu ipirira fuko lina nkugonja kwa linzake. Kutentha nakonso kumasokoneza. Mphamvu ya tomato yopirira tinyongolotsi imafooka nthaka ikatentha kupitirira madigiri 28. Inu a ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja kumbukirani zimenezi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Ndipo malembo onsewa sanena kanthu za mbozi yoboola masamba ndi zipatso, kapena akangaude ofiira. Zimenezo muyenera kulimbana nazo mwa njira zina.

DZIWANI NTHENDA YA M'DIMBA MWANU

Palibe phindu kulipira ndalama zambiri pa mbeu yopirira nthenda imene kwanu kulibe. Yambani mwadziwa mdani wanu. Nazi njira zozindikirira.

Ngati tomato afota mwadzidzidzi masamba akali obiriwira, dulani tsinde pafupi ndi nthaka. Viikani kumapeto kwake m'tambula ya madzi oyera, mudikire mphindi zingapo osagwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika m'madzimo, kumeneko ndi kufota kwa mwadzidzidzi. Palibe mankhwala opopera amene achiza nthendayi. Funani mtundu wopirira, monga Rodade wochokera ku South Africa, kapena haibridi yolembedwa Rs.

Ngati masamba a m'munsi achita chikasu mbali imodzi, ndipo mutang'amba tsinde mupeza m'kati muli mofiirira, ganizirani Fusarium. Funani F kapena Fol pa paketi.

Ngati mbeu zapinimbira ndipo zifota masana ngakhale mwathirira, zulani imodzi. Mizu ikakhala ndi timfundo totupa, ndi tinyongolotsi. Tengeru 97 apirira tinyongolotsi, Fusarium ndi nthenda ya mawangamawanga.

Ngati masamba a kunsonga apindikira m'mwamba, achepa ndi kuchita chikasu m'mphepete, ndi nthenda yopinda masamba. Ifalitsidwa ndi tintchentche toyera tokhala kunsi kwa masamba, ndipo ivuta kwambiri nyengo yotentha.

Ngati masamba ndi zipatso zichita mawanga akuda onyowa nthawi ya mvula kapena ya chiperoni, chimenecho ndi chiwau. Chivutitsa kwambiri kumalo ozizira monga ku Dedza ndi ku mapiri a Ntcheu. Mitundu yambiri ya m'sitolo siipirira chiwau, choncho mankhwala opopera muwawerengeretu.

Pa kabichi, mukaona chikasu choyambira m'mphepete mwa tsamba, chooneka ngati lembo la V, mitsempha ili yakuda, dziwani kuti nthendayo itha kubwera ndi njere zomwe. Ichi ndi chifukwa china chopewera mbeu yosadziwika kumene yachokera.

Mukakayika, tengani mbeu yodwalayo ndi mizu yomwe, mupite nayo kwa alangizi. Safunsa anadya phula. Ndipo ngakhale mwagula mbeu yopirira, musasiye kasinthasintha wa mbeu. Tomato, mbatatesi, mabiringanya, tsabola ndi fodya ndi banja limodzi, matenda ambiri agawana. Pamene mwakolola tomato dzalanipo chimanga, anyezi kapena kabichi, ndipo papite zaka zitatu musanabwezerepo tomato.

MFUNDO ZA MALONDA

Kuseri kwa paketi, pa chitini kapena pa lisiti pamakhala timalemba ting'onoting'ono. Anthu ambiri sawerenga. Komatu timalembato ndi pangano pakati pa inu ndi kampani. Mukatsegula paketi, kampani imatenga kuti mwavomera. Makampani ambiri a mbeu alemba mfundo zofanana, ndipo zikuluzikulu ndi izi.

Choyamba, kamere wolembedwa pa paketi anapezeka m'chipinda choyesera, pa tsiku loyesalo. Kampani siilonjeza kuti m'nazale mwanu zidzamera chimodzimodzi.

Chachiwiri, mbeu ikapezeka yolakwika, kampani imati idzabweza mtengo wa mbeu wokha, kapena kukupatsani mbeu ina. Za feteleza, aganyu ndi phindu limene mwataya imati siziikhudza. Apa mpamene muone kuti woluza kwambiri ndi mlimi. Nchifukwa chake tikuti yesani mbeu musanafese.

Chachitatu, nthawi yodandaula ndi yochepa. Werengani kuti akupatsani masiku angati. Mukadikira mpaka kukolola, mwina adzati mwachedwa.

Chachinayi, paketi yotsegula kale siibwezedwa. Ndiponso mbeu ikatsanulidwa m'chitini chake nkugawidwa m'timapepala, kampani imaikana. Mbeu ya pa supuni ilibe mwini.

Chachisanu, zithunzi ndi zokolola zolembedwa m'mabuku a kampani ndi chitsogozo chabe, chifukwa nthaka, madzi ndi kasamalidwe zisiyana.

Pali ogula ena amene amapereka mbeu pa ngongole kuti mudzawagulitse zokolola. Musasaine msanga. Werengani, kapena pitani nalo pepalalo ku kalasi tikawerengere limodzi. Funsani kuti mbeuyo aiwerengera ndalama zingati, adzagula pa mtengo wanji, adzakana zokolola zotani, ndipo chidzachitike nchiyani matalala kapena matenda akaononga. Zimene mwagwirizana pakamwa zilembedwe, ndipo inu mukhale ndi pepala lanu.

MUGULE YOCHULUKA BWANJI?

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti dimba lanu ndi la mamita 30 m'litali ndi mamita 18 m'lifupi. Mizere italikirana masentimita 90, choncho mukhala ndi mizere 20. Mumzere mapando atalikirana masentimita 60, choncho mzere uliwonse ulowa mbande 50. Mizere 20 kuchulukitsa ndi 50, mupeza mbande 1,000.

Koma njere zonse sizimera. Ngati pa 100 zimera 80, mufunika njere 1,250 kuti mupeze mbande 1,000. Onjezeranipo njere 250 za mbande zofooka ndi zopakiza. Zonse pamodzi ndi 1,500. Galamu imodzi ya tomato ili ndi njere pafupifupi 300. Gawani 1,500 ndi 300, mupeza magalamu 5. Basi, mbeu yanu ndi imeneyo. Palibe chifukwa chogulira chitini cha magalamu 50 kuti chotsala chikalambire m'nyumba.

Nayi samu ina. Mitengoyi ndi chitsanzo chabe. Paketi yoyamba igulidwa K3,000 ndipo pa 100 zimera 90. Yachiwiri igulidwa K2,000 koma zimera 50. Iliyonse ili ndi njere 1,500. Yoyamba ikupatsani mbande 1,350, zokwanira dimba lonse. Yachiwiri ikupatsani 750 zokha, ndiye mufunika mapaketi awiri, K4,000. Nanga yotchipa ndi iti pamenepa?

Ngati muli pa kilabu, mungasonkhe ndalama nkugula chitini chachikulu, chifukwa mtengo wa galamu imodzi umatsika. Mlembi alembe m'buku dzina la mtundu, nambala ya gulu ndi tsiku logula. Tsegulani chitinicho pamaso pa onse, ndipo gawanani pafupi ndi tsiku lofesa.

KUYESA NDI KUSUNGA MBEU

Gulani mbeu masabata awiri kapena atatu musanafese, kuti mupeze nthawi yoyesa. Werengani njere 50 osasankha. Ziyaleni pa kansalu konyowa, pindani, muike m'mbale yovindikira pamthunzi. Tsiku lililonse onani kuti kansaluko sikanaume, komanso kasachite kudontha madzi. Kabichi muwerenge pakatha masiku 10, anyezi masiku 12, tomato masiku 14. Werengani zokhazo zimene zatulutsa muzu ndi timasamba tabwino. Chulukitsani ndi 2. Zikamera 42, ndiye kuti kamere ndi 84 pa 100. Zikamera 25 pamene paketi inena 85%, bwererani ku sitolo msanga.

Adani a njere ndi chinyezi ndi kutentha. Mbeu yotsala itsekeni bwino, muiike m'botolo louma lotseka zolimba. Botololo likhale m'chipinda chozizira, osati kukhitchini kapena pansi penipeni pa malata.

ZINTHU ZIKALAKWIKA

Gulani mbeu kwa wogulitsa wokhala ndi chilolezo, amene sitolo yake mudzaipeza pomwepo mawa. Pemphani lisiti, ndipo palembedwe dzina la mtundu ndi nambala ya gulu. Musataye paketi mpaka mutakolola. Siyanimo njere pang'ono, kuti zidzakhale umboni. M'kope lanu lembani tsiku logula, tsiku lofesa ndi tsiku lowokera.

Mukaona vuto, itanani alangizi adzaone nazale kapena dimba zinthu zisanasinthe. Kenaka pitani kwa wogulitsa ndi lisiti ndi paketi. Akakana kukuthandizani, kanenani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu. M'chaka cha 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la mbeu, ndipo kugulitsa mbeu yachinyengo ndi mlandu. Ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, kuli malo a boma oyesera mbeu. Ku Bvumbwe m'boma la Thyolo kuli malo a kafukufuku wa ndiwo zamasamba ndi zipatso. Alangizi adziwa njira yofikira kumeneko. Mukakhala chete, wogulitsa yemweyo adzapusitsanso mnansi wanu chaka chamawa.

Bambo uja tinamtchula poyamba sanasiye ulimi. Chaka chotsatira anabwera ku kalasi ndi mapaketi awiri opanda kanthu amene anapempha kwa anzake. Tinawerenga limodzi liu ndi liu. Tsiku logula anapita ndi kope lake, nafunsa lisiti, nayesa njere 50 pa kansalu asanafese.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Nchifukwa chiyani sitiyenera kusunga njere zochokera ku mbeu ya F1?

2. Kodi HR asiyana bwanji ndi IR?

3. Fotokozani njira yozindikirira kufota kwa mwadzidzidzi pogwiritsa ntchito tambula ya madzi.

4. Mwayesa njere 50 za kabichi ndipo zamera 38. Kodi kamere ndi angati pa 100?

5. Dimba lili ndi mizere 12, ndipo mzere uliwonse ulowa mbande 40. Mufunika mbande zingati?

6. Tchulani zinthu zitatu zimene muyenera kusunga mutagula mbeu.

NTCHITO

Sabata yamawa aliyense abwere ndi paketi ya mbeu, ngakhale yakale. Lembani m'kope dzina la mtundu, nambala ya gulu, kamere, tsiku ndi malembo a matenda. Malembo amene simunawamve tidzawafunsa kwa alangizi.